Maski ya pachibwano

Aliyense amene anali kukwera minibasi kuchoka ku Kanyama kupita m'tauni mu 2020 akumbukira mau a kondakita motoka ikayandikira pamene apolisi aima: "Mamaski, mamaski! Abwana ali kutsogolo!" Pomwepo manja onse anali kuthamangira kuchibwano. Kansalu kamene kanali kulendewera pansi pa kamwa kuyambira pa siteshoni kanali kukwera n'kuphimba mphuno. Amene analibe anali kukoka kolala ya malaya, amai ena nsonga ya chitenge. Tsiku lina tinaona mnyamata wokhala pawindo akubwereka maski kwa mnzake wa kumbuyo, chifukwa iye ndiye anali poonekera. Tikangodutsa, tonse tinali kutsitsa, kupuma mpweya umodzi anthu anayi pampando umodzi, n'kuyamba kuseka.

Tinali kuseka poganiza kuti tapusitsa boma. Koma nthabwala ija sinali yaulere, ndipo amene anailipira si nduna kapena wapolisi. Tifuna tikambirane zimenezo tisanaiwaliretu, popeza ife a m'komboni timaiwala msanga, mavuto atsopano amabwera akale asanachoke.

Kolona inabwera pa ndeke, ndipo pamenepo m'pamene zinayambira kulakwika. Pa 18 Malichi 2020 nduna ya zaumoyo, a Chitalu Chilufya, analengeza odwala awiri oyamba: mwamuna ndi mkazi wake ochokera ku holide ku France. Ku Matero ndi ku George nkhani inathera pomwepo. Awa ndi matenda a apamwamba, a ku Kabulonga ndi ku Ibex Hill, a anthu okhala ndi mapasipoti. Ife ena ngakhale ku Livingstone sitinafikeko, France itikhudza bwanji? Kenaka anabwera malangizo. Sambani m'manja kawirikawiri ndi madzi a pampopi. Khalani kunyumba. Talikiranani. Amene analemba zimenezi mwina sanagulepo madzi a m'chigubu pa kiyosiki, sanagonepo anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, sanaimepo pamzere wa chimbudzi chimodzi cha mabanja onse a pa puloti. Mai wogulitsa tomato ku Soweto akakhala kunyumba tsiku limodzi, ana agona ndi njala tsiku lomwelo. Malangizo aja anamveka ngati kalata yopita ku mayadi imene yasochera n'kufika kwa ife, ndipo tinaitaya yonse pamodzi.

Pano m'pamene ife tiona kuti tinalakwa kuwerenga. Pa zonse zimene anatiuza, maski ndiyo yokha imene inali kukwana m'moyo wa m'komboni. Kutalikirana kunali kosatheka. Kukhala kunyumba kunali njala. Sanitaiza inali yodula. Koma telala aliyense wa pa maketi ya Mtendere kapena Chawama anali kusoka maski kuchokera ku zidutswa za chitenge, pa mtengo wa vitumbuwa zingapo. Kachilombo kameneka kamayenda mu mpweya umene munthu atulutsa pokamba, pokhosomola, poimba, ndipo kamakonda malo opanikizana opanda mphepo: minibasi yotseka mawindo m'mawa wa Juni, nyumba ya maliro, tchalitchi cha m'kalasi ya sukulu. Ameneyo ndiye moyo wathu. Wa ku mayadi anali ndi motoka yake, geti yake, filiji yodzaza. Ife tinali ndi kansalu chabe, ndipo ndiko kamene tinasandutsa choseketsa.

Sitikunena kuti tinali opusa. Panali zifukwa, ndipo zina zinali zomveka. Kumbukirani kuti masabata ochepa chabe kolona isanafike, mu Januwale ndi Febuluwale 2020, dziko lonse linali pa mantha a anthu othira gasi m'nyumba usiku. Zinayambira ku Chingola n'kufika kuno. Anyamata tinali kugona panja ndi zikwanje ndi malikhweru, ndipo anthu makumi angapo anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ena chifukwa chabe chakuti anali achilendo m'deralo. Panthawiyo munthu wobisa nkhope anali mdani. Pofika Epulo, boma likuti aliyense abise nkhope. Mutu wa munthu sutembenuka msanga choncho. Ngakhale a WHO anali asanagwirizane nazo: mpaka kuchiyambi kwa Juni 2020 sanali kulimbikitsa anthu osadwala kuvala mamaski pagulu.

Kenaka chinabwera chikwapu. A Bowman Lusambo, amene anali nduna ya chigawo cha Lusaka, anali kuyenda ndi apolisi usiku m'mabala ndi m'mashabini, ndipo opezeka akumwa anali kukwapulidwa. Mavidiyo ake tinali kutumizirana pa WhatsApp, ena kuombera m'manja, ena kutukwana. A bungwe la Human Rights Commission anadandaula za kumenya anthu kumeneku. Mu Ogasiti chaka chomwecho apolisi analengeza kuti wopezeka alibe maski adzalipira K750, ndalama yogula matumba angapo a ufa, kwa munthu amene amagula ka pamela madzulo alionse. Chinthu chikabwera ndi chikwapu, munthu amachivalira chikwapucho. Maski inasanduka ngati laisensi ya dalaiva: uisunge pafupi, uionetse pamene afunsa. Chibwano chinakhala malo ake oyenera, pakati pa kumvera ndi kukana.

Kunja tinali kumva kuti maski yagawa anthu. Ku America a Donald Trump anakhala miyezi yambiri osafuna kuonekera atavala, ndipo anali kuseka a Joe Biden chifukwa chovala. Kumeneko ukaona nkhope ya munthu m'sitolo unali kudziwiratu chipani chake. Ku Tanzania a John Magufuli analengeza mu Juni 2020 kuti kolona yatha m'dziko lao. Kuno kunali kosiyana. Palibe chipani chimene chinati musavale. Zonse ziwiri zinaikonda maski, koma zinaikonda monga zikondera chitenge ndi kepu: malo ena osindikizapo dzina. Panatuluka zobiriwira za PF, panatuluka zofiira za UPND. Ndipo tidziwa tonse mmene zinalili m'masiteshoni ndi m'mamaketi pamene makada anali kulamulira. Malaya ofiira ku Intercity kapena ku City Market anali kutha kukubweretsera makofi. Nanga maski yofiira, imene ili pankhope penipeni? Wovala yobiriwira nayenso, pakati pa anzake a mbali ina, anali kufunsidwa kuti anamupatsa zingati. Tidziwa anthu amene anali ndi ziwiri m'thumba, kusintha malinga ndi kumene akupita. Ena anaona kuti chotetezeka kwambiri n'kusavala iliyonse. Tangoganizani: munthu ayeza ngozi ya kachilombo ndi ngozi ya kada, n'kupeza kuti kada ndiye ali pafupi.

Chaka cha 2021 chinatsiriza zonse. Masankho anali pa 12 Ogasiti, ndipo mu Juni ndi Julayi kolona ya mtundu wa Delta inali kupha anthu kuposa kale lonse. Ku Levy Mwanawasa ndi ku UTH mabedi anadzaza, okosijeni inali kusowa, pa Facebook panali zithunzi za makandulo tsiku ndi tsiku. A ECZ analetsa misonkhano ikuluikulu ya kampeni. Ndiye atsogoleri anapeza njira. A Edgar Lungu anayamba kuyendera mamaketi m'dziko lonse, akuti akugawa mamaski. A Hakainde Hichilema nawonso anayamba ulendo wao wogawa mamaski, ndipo m'malo ena apolisi anawatsekera njira. Kulikonse kumene anafika, khamu linali kukankhana, kuimba, kukuwa, thukuta kusakanikirana, manja m'mwamba kulimbirana kansalu kamene akuti kakuteteze ku khamu. Aliyense, ngakhale mwana wa giredi 5, anali kuona kuti iyi ndi kampeni yovala yunifomu ya nasi. Kumapeto kwa Julayi anthu awiri a PF anaphedwa ku Kanyama, ndipo asilikali anatumizidwa m'miseu. Pofika pamenepo mau akuti maski anali atachoka kale m'kamwa mwa achipatala n'kulowa m'kamwa mwa andale.

Onjezani nkhani ya ndalama. Ripoti ya Auditor General inapeza zosalongosoka pa kagwiritsidwe nchito ka chuma cha kolona. Nkhani ya Honeybee, ya mankhwala, magolovesi ndi makondomu osafika pa muyezo, inaphulika, ndipo mu Januwale 2021 a Chilufya anachotsedwa pa udindo. Munthu yemwe anali kutiwerengera manambala a odwala pa TV tsiku lililonse ndi yemweyo amene unduna wake unali m'nkhani zimenezi. Pa kantemba anthu anali kungoti, "Kolona ni bizinesi." Ndipo unali kuvutika kuwatsutsa, chifukwa ena anapangadi bizinesi.

Koma chinthu chikhoza kukhala bizinesi ya wina n'kukhalanso imfa ya wina. Pakati pa Juni ndi Seputembala 2020, madokotala a kuno pamodzi ndi anzao a ku Boston University anapima mitembo ku mochale ya UTH. Pa anthu 364 amene anapimidwa, 70 anapezeka ndi kachilombo ka kolona. Mwa 70 amenewo, 51 anafera kunja kwa chipatala, aja amene achipatala amawalemba kuti BID, ofika atafa kale, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene anapimidwa ali moyo. Zimenezi zinasindikizidwa mu magazini ya madokotala ya BMJ kuchiyambi kwa 2021. Tsono dzifunseni kuti munthu amene amafera kunyumba, n'kunyamulidwa pa kenta ya neba kupita ku polisi kukatenga kalata kenaka ku mochale, amakhala wa kuti. Si wa ku Ibex Hill. Pamene tinali kukamba kuti m'komboni mulibe kolona, tinali kupita ku Chingwere kukaika anthu amene tinati anafa ndi shuga, BP, malungo, kapena "anangodandaula chifuwa masiku awiri".

Ndipo panali chifukwa chimene tinali kukambira choncho. Kutchula kolona kunali kuitana mavuto: mantha akuti achipatala atenga mtembo n'kuuika okha, maneba aleka kubwera, nyumba yanu ikhala yolozedwa chala. Ife m'dziko muno tili ndi luso lakale lonyoza odwala. Makolo athu anali ndi mau akuti kaliondeonde. Ife tinakula tikumva akuti "kanayaka" munthu akaonda pang'ono. A Kenneth Kaunda anaimirira mu 1987 n'kuuza dziko lonse kuti mwana wao Masuzyo anafa ndi AIDS, kuti manyazi athe, koma mpaka lero alipo amene amadutsa kiliniki ya kwao n'kukatenga ma ARV kutali kuti asaonedwe. Kolona isanabwere, maski tinali kuiona pamalo amodzi chabe: ku kona ya TB pa kiliniki. Ndipo m'maganizo a ambiri TB ndi HIV zimayendera pamodzi. Choncho munthu akavala maski bwinobwino, kuphimba mphuno ndi kamwa, pamalo pamene palibe wapolisi, funso linali kubwera lokha: adwala chiani?

Pa mseu wathu pali amai ena amene amagulitsa vitumbuwa ndi mazira owiritsa pafupi ndi pokwerera mabasi. Anadwalapo TB zaka zingapo kumbuyoko, anamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi n'kuchira, koma mapapu sanabwerere mwakale. Nasi anawauza kuti kolona ikawapeza idzawavuta kuposa ena, ndipo iwo anamvera. Anali kuvala maski tsiku lonse, kuichapa madzulo, kuiyanika pa waya. Pasanathe mwezi, nkhani inali itazungulira kuti matenda aja abwerera. Makasitomala anayamba kuoloka mseu kukagula kwa wina amene anali kukhosomolera m'beseni nkhope ili poyera. Taonani kupusa kwake: wotiteteza tinamuthawa, wotipatsira tinamupatsa ndalama. Tsiku lina tinawapeza maski ili pachibwano. Titafunsa, anayankha kuti, "Ana anga, kolona sindinaione. Njala ndiidziwa." Ife amene tinafunsa ndife omwe tinasekako pamene mnzathu wina anawatcha dzina lachipongwe. Sitinayambe ndife, koma sitinamuletse.

Achinyamata ndife tinali akatswiri pa zimenezi, tisanamizire akuluakulu. Mnzathu akabwera pa bwalo la mpira kapena pa pulu tebulo atavala, tinali kumulandira ndi "Boi, uopa kufa?" kapena "Manje wakhala wa ku mayadi?" Sitinafunsepo kuti kunyumba kwao kuli ndani. Mwina amagona chipinda chimodzi ndi ambuye ake a zaka 70. Mwina amai ake ali ndi shuga. Mwina iye mwini anabadwa ndi kachilombo ka HIV ndipo sanatiuzepo, pa chifukwa chomwe tinali kumuonetsa pamenepo. Ife tinali ndi matupi olimba, kolona kwa ambiri a ife inali chimfine cha masiku atatu, ndipo tinatenga mwai wathu ngati umboni wakuti matendawo kulibe. Chimfine chimenecho tinali kupita nacho kunyumba.

Ku maliro kunali kovuta koposa. Kulowa m'nyumba ya maliro utavala maski, n'kukana kugwirana chanza, kunali kuoneka ngati ukunena kuti anthu a pano anunkha. Azimai anali kugona m'chipinda chimodzi usiku wonse akuimba, monga mwambo ufunira, ndipo wosafuna kulowa anali kumva mau akuti, "Nayenso adzafedwa, tidzaona." Pa chiopsezo chimenecho palibe wa m'komboni amene angalimbe, chifukwa maliro ako amanyamulidwa ndi maneba. M'matchalitchi ena wovala anali kuonedwa ngati wa chikhulupiriro chochepa, ngakhale kuti m'matchalitchi ena ambiri munali ndowa ya madzi pakhomo ndi wachikulire woletsa kulowa wopanda maski. Ndipo tinaona kuti pamene woletsayo anali mkulu wa mpingo amene timudziwa, anthu anali kuvala popanda mkangano, popanda chikwapu, mpaka pamphuno.

Wina adzati maski ya chitenge siteteza kwenikweni, makamaka ija imene ikhala m'thumba sabata yonse pamodzi ndi makoini. Zoona, si khoma. Nsalu imodzi yopyapyala ichita zochepa poyerekeza ndi ya kuchipatala, ndipo yosachapa ndi yonyansa. Wina adzati yesa kuitanira basi ku Kulima Tower m'dzuwa la Okutobala utatseka kamwa. Nazonso n'zoona. Tikhoza kutsutsana mpaka mawa pa kuchuluka kwa chitetezo chake. Koma mkangano umenewo sukhudza nkhani yathu. Munthu wovala maski sanalande kanthu kwa wina aliyense. Ngati inali yopanda nchito, anataya makwacha ake ochepa. Ngati inali ndi nchito, anateteza ifenso amene tinali kumuseka. Panalibe chifukwa chomunyozera, kupatula chakuti nkhope yake yobisika inali kutikumbutsa chinthu chimene sitinafune kuchiganizira.

Chotidetsa nkhawa n'chakuti seweroli limabwerezedwa. Mu Januwale 2018, nthawi ya kolera, ku Kanyama kunaikidwa lamulo loletsa kuyenda usiku, asilikali anathamangitsa ogulitsa m'miseu, ndipo anthu anachita chipolowe. Kuyambira kumapeto kwa 2023 mpaka mu 2024, boma litasintha, kolera inabweranso: Heroes Stadium inasandukanso chipatala, masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale, ndipo anthu oposa 700 anafa m'dziko lonse. Tinamvanso zomwezo: mabanja kubisa wodwala kuopa kuti akapita ku sitediyamu sabwera, maneba kuloza nyumba, a chipani ichi kunena kuti ndi kulephera kwa chipani icho. Matenda ena adzabwera, kaya a m'mimba kaya a mu mpweya, ndipo adzayambira kapena kuthera kwa ife, chifukwa ngalande zathu ndi zipinda zathu sizinasinthe.

Ife tikuti zinthu zaumoyo zisavale mtundu wa chipani. Kolorini, maski, neti ya udzudzu, katemera: pasakhale nkhope ya munthu wofuna voti, ngakhale atagula ndi ndalama zake. Akafuna kuthandiza, apereke ku kiliniki, nasi agawe. Ndipo uthenga uzibwera ndi anthu amene timawakhulupirira kale, odzipereka a zaumoyo amene amayenda khomo ndi khomo, matelala, atcheyamani a maketi osankhidwa ndi ogulitsa okha, azimai a m'mabungwe a mpingo, osati nduna yokhala ndi makamera kumbuyo. Izi tingazifune kwa boma lililonse, lobiriwira kapena lofiira. Koma kuseka kuja pa pulu tebulo sikunalamulidwe ndi boma, ndipo palibe lamulo limene lidzakuletse.

Mwezi watha tinali pa benchi ya kiliniki kudikira kuti atiitane. Panabwera mtsikana wa msinkhu wathu atavala maski ya buluu, akukhosomola pang'ono, n'kukhala kumapeto kwa benchi. Anachita zimene munthu wodwala chifuwa afunika kuchita. Amai amene anali pafupi naye ananyamula chikwama chao n'kusamukira benchi ina. Mnyamata wa kutsogolo anatembenuka, kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunong'oneza mnzake. Mtsikanayo anaona zonse. Anakhala kanthawi akuyang'ana foni yake, kenaka anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kutsitsa maski kufika pachibwano. Amai aja sanabwerere, koma ena onse tinakhazikika, ndipo benchi inadzazanso.